Okosijeni Sapha Mwana

Pali mau amene amamveka kawiri-kawiri m'midzi ndi m'makomboni, kuyambira kuno ku Livingstone kufikira kum'mawa, akuti mwana akangoikidwa pa okosijeni ndiye kuti kwatha, yambani kuuza abale za maliro. Mau amenewa ndi abodza, ndipo alikutitayitsa ana.

Nthenda imene tinena pano imagwira makamaka makanda osakwana caka. Madotolo amaicha bronchiolitis, ndipo nthawi zambiri imadza ndi kacirombo kochedwa RSV. Imayamba ngati cimfine wamba. Patapita masiku awiri kapena atatu, tinjira ta mpweya m'mapapo timatupa ndi kudzala mamina. Mwana apuma mothamanga, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, bere alikana. Nyeleti siipha kacirombo aka. Cimene cisunga mwana ndi mpweya ndi kudya, kufikira thupi litalimbana nako lokha.

Mpweyawo uperekedwa mosiyana-siyana. Njira yoyamba ndi timapaipi tiwiri ta m'mphuno, pamene kacipangizo kopana cala kasonyeza kuti okosijeni m'magazi watsika kupyola 90. Ana ambiri amacira ndi njira yomweyi. Zikakanika pali mpweya wofunda wothamanga kwambiri, palinso makina ochedwa CPAP amene amakankha mpweya kuti mapapo asafote. Makina opumira mwana kotheratu ndi otsiriza, a m'cipinda ca odwala kayakaya.

Tisaganize kuti makina akulu ndiwo cipulumutso nthawi zonse. Pa cipatala ca Salima ku Malawi, madotolo anayesa ana 644 odwala cibayo coopsa. Zotsatira zinatuluka mu 2019: pa CPAP anafa ana 17 pa 100 ali onse, pa timapaipi wamba 11. Kumeneko kunalibe dotolo woona anawo tsiku ndi tsiku. Makina afuna maso a munthu wophunzira usana ndi usiku.

Nanga mbiri yoipa ya okosijeni icokera kuti? Icokera pa kucedwa. Ofufuza anapima mitembo ya makanda ku Lusaka kuyambira 2017 kufikira 2020, napeza kuti ambiri mwa opezeka ndi RSV anafa asanagonekedwe m'cipatala. Ena amafika milomo itada kale, ataturuka kwa sing'anga. Akafera pa mpweya, mlandu ugwera paipi.

Boma nalo lili ndi mbali yace. Mai wa ku Kazungula kapena kwa Mukuni sayenera kufunafuna galimoto usiku kuti mwana akapeze mpweya m'tauni. Kiliniki iri yonse ya kumudzi ikhale ndi kacipangizo kopimira, ndi okosijeni wosadalira magetsi okha, pakuti cilala ca 2024 cinationetsa mmene Kariba angatisiyire mumdima.

Inu amai ndi ambuye, nesi akabwera ndi timapaipi, msamcotse mwana usiku kuthawa naye. Funsani nesiyo akuonetseni nambala pa kacipangizo, muone nokha mmene ikwerera.