Mtumiki Wosafunsa: Kuyesa Malongosoledwe a Zida za AI

Kuyambira kale, ntchito yolemba malongosoledwe a pulogalamu ya kompyuta yakhala ikuyesedwa yotsalira, yochitika madzulo anthu atatopa kale. Wolemba sankavutika nayo mtima, podziwa kuti wodzawerenga ndi munthu mnzake, amene akapanda kumva adzafunsa, kapena adzayesayesa mpaka atapeza njira. Tsono wowerenga uja wasintha. Masiku ano kuli mapulogalamu a AI amene amatumidwa ntchito ndi kuichita paokha, monga kufufuza nkhani, kutumiza kalata kapena kukonza pulogalamu yolakwika. Atumiki oterewa amagwira ntchito poitana zida zina za pakompyuta, ndipo chimene amadziwa cha chida chilichonse ndi mawu owerengeka amene wochipanga analemba.

Mu Juni 2023 kampani ya OpenAI inatsegula njira yakuti mapulogalamu ake aziitana zida mwa dongosolo. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, imene ndi njira imodzi yolumikizira atumiki ndi zida zosiyanasiyana, ndipo m'chaka cha 2025 OpenAI ndi Google anailandiranso. M'dongosolo limeneli chida chimadzionetsa ndi zinthu zitatu: dzina lake, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zimene chiyenera kupatsidwa kuti chigwire ntchito.

Vuto lake ndi lakuti mtumiki kawirikawiri safunsa. Akapeza mpata m'malongosoledwe amangoganizira, napitirira ndi ntchito. Tsiku lolembedwa 03/04 ku America ndi pa 4 Malichi, pomwe ku Britain ndi ku Malawi ndi pa 3 Epulo. Kampani yolandirira ndalama ya Stripe imafuna kuti madola alembedwe m'masenti, kotero kuti 1000 amatanthauza madola 10. Mlembi wa mu ofesi amene wakhalitsa pantchito zoterezi amazidziwa pamtima. Koma wopanga chida akaiwala kuzilemba, mtumiki angathe kusokoneza tsiku la msonkhano, kapena kulipiritsa munthu ndalama zochepa kapena zochuluka ka 100 kuposa zoyenera, popanda chizindikiro chilichonse chakuti chinthu chalakwika.

Mu Disembala 2024 a ku Anthropic analongosola zimene anaona pokonzera mtumiki wawo mayeso otchedwa SWE-bench, amene amayesa luso lokonza mapulogalamu. Iwo ananena kuti nthawi yambiri inathera pa kukonza zida kusiyana ndi pa malangizo aakulu opatsidwa kwa mtumikiyo. Mtumiki ankasochera posonyeza pamene fayilo ili, chifukwa ankawerengera njira kuchokera pamalo pamene anayambira, chonsecho anali atasuntha kale. Iwo anasintha chidacho kuti chizifuna adiresi yathunthu ya fayilo nthawi zonse, ndipo kulakwa kuja kunatha.

Apa aphunzitsi sangadabwe. Ana oposa theka la kalasi akalakwa funso limodzi mofanana, mphunzitsi wanzeru amayamba wakayika funsolo asanadzudzule ana. Malongosoledwe a chida ayenera kuyesedwa chimodzimodzi. Kuwawerenga ndi kuona kuti galamala ili bwino sikokwanira, pakuti wolemba amawerenga pamodzi ndi zimene zili m'mutu mwake, zimene mtumiki alibe. Njira yodalirika ndi kupatsa mtumiki ntchito zenizeni zambiri, ndi kuyang'anitsitsa ngati wasankha chida choyenera, ngati wachipatsa zoyenera, ndiponso ngati wadziwa chochita chidacho chitakana. Mbali yotsirizayi ndi imene ambiri amainyalanyaza: chida chimene chimangoyankha kuti zalephereka, osanena chifukwa, chimasiya mtumiki akubwereza kulakwa komweko. Komanso kutalikitsa mawu si mankhwala, poti malongosoledwe onse amalowa m'malo ochepa amene mtumiki amasungiramo zimene akuwerenga, ndipo zida ziwiri zofanana maina zimamusokoneza kuposa chida chosowa.

Palinso nkhani ina yoopsa kuposa kusamveka. Mu Epulo 2025 ofufuza a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu wachinyengo angathe kubisa malamulo m'kati mwa malongosoledwe a chida. Mwini kompyuta amangoona dzina la chida ndi mawu ochepa, koma mtumiki amawerenga zonse, ndipo angathe kumvera lamulo lomuuza kuti atenge mafayilo achinsinsi ndi kuwatumiza kunja. Ofufuzawo anachenjezanso kuti malongosoledwe angathe kusinthidwa mwini kompyuta atavomereza kale chidacho. Motero kampani kapena sukulu imene yalumikiza mtumiki ku kaundula wake iyenera kusunga malongosoledwe amene inavomereza, ndi kuwayerekeza ndi amene mtumiki akuwerenga nthawi iliyonse chida chikasinthidwa.