Kope analiwotcha, ndiye akuti tiombe m'manja

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino sindinabwere ndi ndakatulo kapena nthano. Ndabwera ndi mkangano, ndipo amene akufuna kunditsutsa ayambiretu kunola mano.

Pa 1 July 2023 kampani ya Google inaimitsa chida chake chowerengera anthu obwera pa mawebusaiti, chotchedwa Universal Analytics. Patatha chaka, kuyambira pa 1 July 2024, inatseka khomo n'kuyamba kufufuta zonse zimene chidacho chinasonkhanitsa. Aliyense anauzidwa kuti asamukire ku chida chatsopano, Google Analytics 4, chimene ambiri amangoti GA4. Mpaka lero ukamva anyamata athu opanga mawebusaiti akukamba nkhaniyi, amaikamba ngati chitukuko. Akuti chatsopanocho n'chanzeru, ndipo amene anataya ziwerengero zake ndi waulesi, anachedwa yekha kusamuka. Ine ndikukana. Kumeneku sikunali kusamuka. Munthu wosamuka amanyamula katundu wake. Apa anthu anatulutsidwa chimanjamanja, nyumba n'kuiyatsa moto.

Kwa amene simunachigwirepo chidachi, ntchito yake ndi iyi. Mwini webusaiti amaika timalemba tochepa ta Google m'tsamba lililonse. Munthu akatsegula tsambalo, timalembato timatumiza uthenga: wabwera munthu, ali mumzinda wakuti, ali pa foni kapena pa kompyuta, wachokera pa Facebook kapena wachita kufufuza, watsegula masamba angati, wachoka nthawi yanji. Nyuzipepala ya pa intaneti imaonetsa ziwerengero zimenezi kwa otsatsa malonda. Mwini loji kunyanja amaonerapo mwezi umene azungu amayamba kufunsa za zipinda. Bungwe limazilemba mu lipoti lopita kwa amene amalipatsa ndalama. Ena mwa inu alembi muli ndi masamba anuanu, ndipo mumasuzumirako usiku kuti muone ngati nthano yanu yawerengedwa, musakane. Ife a mumsika chinthu chimenechi timachidziwa bwino, kungoti chathu n'cha pepala. Ndi kope lija timalembamo zimene tapikula, zimene tagulitsa ndi amene watenga pangongole.

Tsono kope phindu lake silikhala pa tsamba la lero. Lili pa masamba a m'mbuyo. Ukandiuza kuti mwezi uno ndagulitsa zakuti, sunandiuze kanthu. Ndiyenera kudziwa kuti December wa chaka chino wasiyana bwanji ndi December wa chaka chatha ndi wa chaka chinacho. January aliyense geni imagwa, anthu ali pa fizi ndi feteleza, ndiye wogulitsa amene alibe kope lakale amayesa kuti walodzedwa, chonsecho ndi nyengo chabe. Anthu akakolola, ndalama imayambanso kuyenda. Zimenezi sungazione ndi miyezi itatu, zimaoneka ndi zaka. Mawebusaiti nawo n'chimodzimodzi.

Google inagula kampani ya Urchin mu 2005, ndipo mu November chaka chomwecho inayamba kupereka chida chowerengerachi kwaulere. Universal Analytics inabwera mu 2012, ndipo amene anasamukira kumeneko kuchoka ku chida choyambacho anapita ndi ziwerengero zawo zakale. Ndiye kuti pofika 2023 panali anthu amene kope lawo linali la zaka zoposa 15. GA4 inatuluka mu October 2020, koma iyo inakana kulandira tsamba ndi limodzi lomwe la kope lakalelo. Imayamba kuwerenga tsiku limene waiika, kuyambira pa ziro, ngati geni yako yabadwa dzulo.

Komanso si kope lokha limene linasintha. Sikelo nayo inasintha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Chida chakale chinkawerenga maulendo, amene iwo amati session: munthu wabwera, wayendayenda, wapita. Chatsopanochi chimawerenga chochitika chilichonse pachokha, amati event: watsegula tsamba, watsitsa mpaka pansi, wadina apa, waonera kanema. Ulendo umene, tanthauzo lake linasintha. Kale munthu akakhala pa webusaiti mpaka kudutsa 12 koloko usiku, ankawerengedwa kuti wabwera kawiri. Pano ndi kamodzi. Chiwerengero cha anthu chimene chinkaoneka patsogolo kale chinali cha onse amene abwera, pano chimene chili patsogolo ndi cha okhawo amene makinawo awaona kuti achitapo kanthu. Ndiye ngakhale amene anakopera ziwerengero zake zakale, akaziika pambali pa zatsopano, akuyerekeza mulu wa tomato ndi chitini cha nyemba.

Taonani za bounce rate. Kale mawuwa ankatanthauza gawo la anthu amene atsegula tsamba limodzi lokha n'kuchoka osadina china. Ndivomere, muyeso umenewu unali wopunduka. Munthu amene wawerenga nthano yako yonse kwa mphindi khumi, n'kupukuta misozi, n'kutseka foni, ankawerengedwa pamodzi ndi amene anangolowa molakwitsa. GA4 itabwera inauchotsa muyesowu n'kuika wina: ulendo umatengedwa kuti ndi waphindu ngati munthu wakhala kupitirira masekondi 10, kapena watsegula masamba awiri, kapena wachita chimene mwini tsamba amafuna, monga kugula. Masekondi 10, abale! Munthu amene waima pa benchi panga masekondi 10 sanafunse n'komwe mtengo, mwina akungomanga chitenje. Anthu atadandaula, mu 2022 Google inabwezeretsa dzina lija la bounce rate, koma tsopano likutanthauza maulendo amene sanakwanitse muyeso watsopanowo. Dzina lomwelo, chinthu china. Webusaiti imene sinasinthe kanthu ingathe kuoneka ngati yachira mwadzidzidzi, mwini wake n'kumanyadira, wopanga webusaiti n'kumalandira ulemu.

Kumsika tikudziwa chitini chimene pansi pake anachita kupondereza m'kati. Dzina ndi chitini ndithu, koma cholowamo n'chochepa. Venda wogula chimanga akasewera ndi sikelo, mudzi wonse umadzuka, ndipo a Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito yoyendera masikelo. Sindikunena kuti Google inaba. Ndikunena kuti mwini sikelo, mwini kope ndi wogulitsa malo otsatsira malonda ndi mmodzi yemweyo, ndipo akafuna kusintha muyeso safunsa munthu. Wayendera sikelo imeneyi ndani?

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Choyamba muti anthu anapatsidwa nthawi. N'zoona, Google inalengeza mu March 2022, kutatsala miyezi yoposa 15, ndipo inaperekanso chaka china choti anthu akopere zakale. Koma kukopera kwake kotani? Pa chida chaulerecho munthu ankatsitsa lipoti limodzilimodzi, mizere yosapitirira 5,000 pa ulendo umodzi, pokhapokha akhale wodziwa njira za akatswiri. Kampani yaikulu ya ku London ili ndi anthu olembedwa ntchito yomweyo. Nanga mayi wa loji uja, amene webusaiti anamupangira mnyamata wina zaka zisanu zapitazo, mnyamatayo n'kupita ku Joni ndi pasiwedi yomwe? Makalata ochenjeza ankapita ku imelo ya mnyamatayo. Onjezanipo bandulo yodula ndi magetsi othimathima. Ndipo ngakhale amene anakwanitsa kutsitsa, chimene ali nacho ndi chithunzi cha kope, osati kope. Chithunzi chimakuonetsa zimene unajambula basi. Funso latsopano likakubwerera mawa, sungatembenuze tsamba.

Chachiwiri muti zonsezi anachitira kuteteza chinsinsi cha anthu. Apa pali zoona, ndipo sindizibisa. Ku Ulaya kuli lamulo la GDPR limene linayamba kugwira ntchito mu May 2018. Mu 2020 bungwe la Max Schrems la noyb linapereka madandaulo 101 okhudza mawebusaiti otumiza zinthu za anthu ku America. Zotsatira zake, mu 2022 akuluakulu oteteza chinsinsi ku Austria, kenako ku France ndi ku Italy, anagamula kuti mmene mawebusaiti ena ankagwiritsira ntchito Google Analytics zinkaphwanya lamulolo. GA4 sisunga nambala ya IP ya munthu, ndipo chimenecho n'chabwino, ngakhale kuti oyenera kuwathokoza ndi aja anadandaula. Komanso imatha kuwerenga webusaiti ndi app pamodzi, zimene chakale chinkalephera. Zonsezo ndavomera. Koma tandiuzani, chiwerengero choti mu December 2016 tsamba lakuti linawerengedwa kangati chimaulula dzina la ndani? Palibe. Akanatha kufufuta zokhudza munthu payekha, n'kusiya masamu ophatikiza kuti eni ake aziwaona. Kuwotcha kope lonse chifukwa muli mayina a angongole, pamene ukanangong'amba masamba amenewo, imeneyo si nkhani ya chinsinsi. Mmene ndikuonera ine, kusunga nyumba yakale kunali kowadyera ndalama, ndipo amene ankakhalamo sankalipira lendi.

Apa ndafika pa mawu aja amene amatitseka pakamwa: paja n'zaulere. Eya, zaulere. Ife ogulitsa tikakuikira banyira sikuti takukonda kuposa ana athu, tikufuna ubwerenso mawa. Mu 2023 Alphabet, kampani imene ndi mwini wa Google, inapeza madola oposa 300 biliyoni, ndipo oposa magawo atatu mwa anayi a ndalamazo anachokera ku zotsatsa malonda. Chida chowerengerachi chimalumikizana mwachindunji ndi Google Ads, kumene munthu amalipira kuti malonda ake aoneke. Amene amakupatsa kope laulere ndi yemweyo amakugulitsa malo otsatsira, ndipo kopelo ndi limene limakuuza ngati kutsatsako kwapindula. Ukalipira ndi makasitomala ako: aliyense wotsegula tsamba lako, uthenga wake ukupita kumeneko, iye osadziwa. Kuno kwathu tili nalo tsopano lamulo la Data Protection Act la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Ndi eni mawebusaiti angati amene amauza owerenga awo kuti pakhomo pali mlendo wolemba aliyense wolowa?

Ndipo musaganize kuti nyumba yatsopanoyi ndi yanu. Pa GA4 yaulere, tsatanetsatane wa zochitika, amene umafunika ukafuna kudzifunsira mafunso akoako, amasungidwa miyezi iwiri yokha. Ukadziwa pamene pali batani, ungathe kuonjezera kufika miyezi 14, osapitirira apo. Malipoti wamba amakhalapo ndithu, koma zakuya zimafufutika. Olipira amaloledwa mpaka miyezi 50. Ukafuna kusunga zonse, amakulozera ku BigQuery, imene ilinso benchi ina ya mwini yemweyo. Mu 2024 anasinthanso dzina la conversions, lija la pamene mlendo wachita chimene umafuna, kukhala key events. Khasu lobwereka silichedwa kuguluka, akuluakulu ananena, koma ili ndiye mwini wake amabwera kudzalisintha mpini uli pakati pa mzere. Amene mukukumbukira Google Reader, imene inatsekedwa mu 2013, ndi Google+ mu 2019, mukudziwa kuti khalidweli si lachilendo.

Sindikunena kuti aliyense achotse GA4 mawa m'mawa. Zida zina zilipo. Matomo, imene kale inkatchedwa Piwik, munthu angathe kuiika pa seva yake ndipo ziwerengero zimakhala m'manja mwake, koma imafuna wodziwa kuisamalira. Plausible ndi yopepuka koma ndi yolipira ndi ndalama yakunja, ndipo mmene forex ikuvutiramu sindingamuuze munthu wa geni yaing'ono kuti ayambe kumeneko. Chimene ndikulimbikira ine n'chotchipa kuposa zonsezi. Mwezi ukatha, lembani m'kope lanulanu, la pepala kapena la Excel, ziwerengero zinayi kapena zisanu: anthu angati, masamba ati anawerengedwa kwambiri, anachokera kuti, angati anaimba foni kapena kugula. Pambali pake lembani chida chimene chinayeza, kuti sikelo ikadzasinthanso mudzadziwe pamene mzere unadukira. Ndipo akaunti ikhale pa imelo ya mwini geni, osati ya wopanga webusaiti.

Inu achimwene opanga mawebusaiti, ndi inu ndatsala nanu. Ena mwa inu munalipiritsa anthu ndalama yowasamutsira ku GA4, ntchito imene kwa ambiri inali yongosintha timalemba tija, pamene kuyambira March 2023 Google inkawatsegulira yokha akaunti yatsopano amene sanakane. Chabwino, ntchito ndi ntchito, tonse timadya thukuta. Koma ndi angati mwa inu amene munamukhazika pansi kasitomala n'kumuuza kuti, mayi, zaka zanu zonse zija zifufutidwa, tiyeni tikopere? Ndi angati amene munamuuza kuti bounce rate yatsika chifukwa cha muyeso, osati chifukwa cha luso lanu? Ndiyankheni pansipa, ndiwerenga madzulo ndikalongedza katundu.