GALU WACHILENDO PAKHOMO: MUSAMGENDE, MUSAMSISITE

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nchifukwa chake timalandira alendo ndi manja aŵiri, kuwayalira mphasa ndi kuwapatsa madzi akumwa. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo tiusunge. Koma pali mlendo wina amene amafika pakhomo osaodira, ndiye galu amene sitikudziŵa mwini wake. Maganizo anga ndi akuti galu wotere sayenera kulandiridwa ndi manja, ndiponso sayenera kuthamangitsidwa ndi miyala. Njira ziŵiri zonsezi zimafikitsa munthu pafupi ndi mano ake.

Tonse tikudziŵa zimene zimachitika m'midzi mwathu. Dzuŵa lili paliwombo, akuluakulu ali kumunda kapena kudimba, pakhomo patsala ana ndi agogo okha. Galu atulukira kuseri kwa nkhokwe nayamba kununkhiza padzala. Anyamata atola miyala ndi zibonga namzinga pakati pa khola ndi mpanda. Kapena kamwana kachifundo kaona kuti galuyo ndi wowonda ndi wofatsa, katenga mkute kukampatsa m'manja. Ana onseŵa ali pangozi imodzi. Galu wosoŵa kothaŵira amaluma chifukwa cha mantha, ndipo galu wodwala amaluma popanda womputa.

Choopsa chachikulu pa kulumidwa ndi galu ndi nthenda ya chiwewe. Nthendayi imayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kachiromboka kamaloŵa m'thupi la munthu pa bala la mano, pamene galu wakanda, ngakhale pamene wanyambita chilonda, m'maso kapena pakamwa. Kakaloŵa kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Kaŵirikaŵiri pamapita miyezi 2 kapena 3 munthu asanayambe kudwala, koma nthaŵi zina sabata imodzi yokha, nthaŵi zina mpaka chaka. Bala limapola, banja limaiŵala, koma kachirombo kali paulendo. Zizindikiro zikaoneka, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kulephera kumeza, palibenso mankhwala ochiza, ndipo pafupifupi aliyense wofika pamenepa amamwalira.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 alionse odwala nthendayi, mpaka 99 amaitenga kwa galu, ndipo pa anthu 10 alionse akufa nayo, 4 ndi ana osafika zaka 15. Ana ndi aafupi, motero galu amawaluma kumaso, m'khosi ndi m'manja, malo amene kachirombo sikachedwa kufika ku ubongo. Ndiponso mwana amabisa bala poopa kukalipiridwa. Kuno kwathu madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anafalitsa mu 2007 zimene anapeza, kuti ana ena amene anamwalira akuganiziridwa kuti akudwala malungo a mu ubongo anali ndi chiwewe.

Ambiri a ife timakhulupirira kuti galu wachiwewe ndi wosavuta kumdziŵa, chifukwa amathamanga mwamisala, kuchucha dovu ndi kuluma mitengo ndi miyala. Nzoona, ena amatero. Koma pali mtundu winanso wa chiwewe umene umafooketsa galu. Iye amakhala duu pamthunzi, chibwano chili lende, miyendo yakumbuyo ikudzandira, ngati kuti fupa lamtsamwa pakhosi. Anthu achifundo apisapo dzanja m'kamwa mwa galu wotere, ngakhale mwa ng'ombe, pofuna kuchotsa fupa limene kulibe. Kuwonjezera apo, kachirombo kangathe kupezeka m'malovu masiku angapo galu asanaonetse chizindikiro chilichonse. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe munthu angadziŵe ndi maso okha kuti galu wachilendo ali bwino.

Nanga tichite chiyani galu wotere akafika? Choyamba, itanani ana mosafuula, aloŵe m'nyumba poyenda, osathamanga, chifukwa galu amapirikitsa chothaŵa. Mangirirani agalu anu kuti asakamenyane naye, ndipo tsekerani mbuzi m'khola ngati kutero sikukufikitsani pafupi naye. Msiyireni njira yotulukira, ndipo musampatse chakudya, pakuti galu amabwerera kumene anadya. Mukakumana naye maso ndi maso, imani nji ngati mtengo, manja ali m'mbali, osamyang'anitsitsa m'maso, ndipo bwererani chafutambuyo pang'onopang'ono. Phunzitsani ana kuti galu akawagwetsa adzipinde chafufumimba, manja ataphimba nkhope ndi khosi. Galuyo akachoka, chenjezani anansi, dziŵitsani a mfumu, ndipo uthenga ufike kwa mlangizi wa ziŵeto kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Akatuluka pakhomo panu akupita pakhomo pa wina, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ena adzati, bwanji osangomupha kuti nkhani ithe? Ndikumvetsa nkhaŵa yawo, ndipo ilipo nthaŵi imene galu wolusa ayenera kuphedwa pofuna kuteteza anthu. Koma ntchito imeneyi si ya ana kapena gulu la anthu okuwa, chifukwa m'chipiringu chotere ndimo anthu ambiri amalumidwa. Komanso agalu ambiri oyendayenda ali ndi eni ake m'mudzi woyandikana nawo, ndipo angosokera potsata fungo la chakudya kapena galu wamkazi. Galu amene waluma munthu, ngati mwini wake akudziŵika, amangiriridwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Akakhalabe wamoyo ndi wathanzi masiku onsewo, ndiye kuti analibe kachirombo m'malovu pa tsiku limene analuma. Ngati galu waphedwa, musaphwanye mutu wake, musamgwire ndi manja osavala kanthu, ndipo musamtaye kuthengo kumene agalu ena ndi afisi angamudye. Itanani a za ziŵeto, pakuti iwo amapima ubongo wake kuti atsimikize za nthendayo.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, chithandizo choyamba chili pakhomo panu pomwepo. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, mukuthira madzi kuti aziyenderera. Sopo wochapira yemweyu ndi wokwanira. Musapakepo tsabola, dothi, mankhwala a zitsamba kapena phulusa la ubweya wa galuyo, ndipo musamange balalo mothina. Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati pokanda minga. Musadikire kuti masiku 10 oyang'anira galu aja athe, ndipo ngati galuyo wathaŵa osadziŵika kumene wapita, auzeni achipatala zimenezo. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kangapo pa masiku osiyana, ndipo muyenera kubwerera pa masiku onse amene mwalemberedwa. Ngati pa chipatala chaching'ono palibe katemerayu, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha pa boma. Ulendowo ndi wautali ndipo umadya ndalama, koma ndalama zimapezekanso, pamene mwana sabwerera.

Katemera ameneyu si wachilendo. Pa 6 Julayi 1885, katswiri wa ku France, Louis Pasteur, anayamba kupereka katemera wake kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa koopsa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo mpaka kukula. Tsiku la 28 Sepitembala, limene Pasteur anamwalira mu 1895, ndilo limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Ndi zachisoni kuti patapita zaka zoposa 100 tikuikabe m'manda ana amene akanapulumuka ndi sopo, madzi ndi jakisoni.

Pomaliza ndilankhule ndi ife oŵeta agalu. Galu wachilendo pakhomo pa mnzanu angathe kukhala wanu amene simunamdyetse kapena kummangirira. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 pa 10 alionse m'dera akabayidwa katemera, chiwewe chimasoŵa poyenda. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a za ziŵeto, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, zimene zikutisonyeza kuti ntchitoyi ndi yotheka. Mukamva kuti obaya agalu afika pa dibi kapena pa sukulu, pitani ndi agalu anu onse pamodzi ndi amphaka, ndipo sungani bwino chikalata chimene akupatsani. Kwirirani zotsala za chakudya padzala kuti zisaitane agalu a eni. Ndipo madzulo ano, pamene banja likudya, auzeni ana anu kuti galu akawaluma kapena kuwakanda anene msanga, ndipo alonjezeni kuti simudzawakalipira.