Citenje ca pakati pa cipinda si camanyazi

Tili ndi khalidwe loipa ife acinyamata. Timaseka mnzathu amene wagawa cipinda cake ndi citenje pa cingwe, kwinaku tikusirira pa Facebook zochinga zakale za ku France, zija zamatabwa zopindika zimene eni ake amati paravent. Dzinalo litanthauza cabe cochinga mphepo. Ndipo nzeruyo si ya Afalansa, inacokera ku China. Ngakhale Coco Chanel anadzaza nyumba yake ya pa rue Cambon mu Paris ndi zochinga za ku China zochedwa Coromandel. Iye akachinga ndi fashoni, ife tikachinga ndi umphawi?

Taonani pa Chalimbana pano, pamene aphunzitsi anayamba kuphunzirira mu 1939. Lero ndi yunivesiti, ndipo ambiri timagona m'zipinda za lendi, awiri kapena atatu pamodzi. Citenje cija ndico cimapatsa munthu povalira. Ndico cimabisa nyale ya wowerenga usiku kuti mnzake agone. Cimagwira nchito ya khoma limene kulibe.

Manyazi apite kwa eni nyumba amene amalipiritsa bed space, n'kupanikiza anthu ngati kapenta m'thumba, osaika olo thabwa limodzi pakati. Tisanapereke ndalama, tiziwafunsa: nanga tizivalira kuti?

Tikafuna cokongola, akalipentala ndi oluka mphasa za bango ali konkuno ku Chongwe. Mafelemu atatu, mahinji, mphasa pakati, basi. Ndalama itsale kwathu, ndipo citenje ca mnzathu ticileke.