Boma lasintha, chigubu chikadali pamutu

Amayi, asisi ndi achemwali a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, tabwerani tikambirane za pepala lachitatu lija. Pa 16 Sepitembala 2025 aliyense wa ife anapatsidwa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Loyambalo talikamba mpaka kukhosi kuuma. M'minibasi, pa kiyosiki, kumaliro, aliyense akudziwa kuti a Peter Mutharika abwerera m'boma ndi mavoti oposa 56 pa 100 alionse, ndipo a Lazarus Chakwera atuluka. Koma tafunsani mnzanu amene mwayandikana naye benchi pamsika kuti khansala wa wodi yake ndi ndani. Ambiri angoseka n'kunena kuti "aaa, ine ndinangochonga pa chimanga basi."

Pepala limene tinachonga mothamangalo ndi limene lili pafupi kwambiri ndi mbaula yathu.

Kuno ku Blantyre zotsatira za makhansala sizinadabwitse munthu. Mzinda uno wakhala ukuvotera DPP, ndipo makhansala ambiri amene analowa mu 2019 anali a chipani chomwecho. Chimene chasintha chili kumtunda. Kuyambira mu Juni 2020, pamene chisankho chobwereza chinaika MCP ndi anzake a mgwirizano wa Tonse m'boma, khonsolo yathu inali ya mtundu wina, boma la ku Lilongwe la mtundu wina. Zaka zisanu zonsezi tikafunsa za msewu wokumbika kapena mulu wa zinyalala, yankho linali lokonzeratu: "Amayi, mukudziwa kale, boma si lathu, ndalama sakutipatsa." Nawo a m'boma tikawafunsa ankaloza ku Civic Centre kuti paja mzindawu uli ndi eni ake. Ife pakati, ngati mpira.

Lero buluu ali ku State House, buluu ali kukhonsolo, ndipo makhansala asankha a Isaac Jomo Osman, mwana wa ku Bangwe komweko, kukhala meya. Sitikuwachitira nsanje, tikuti zabwino zonse. Koma chowiringula chija chafa ndipo tachiika m'manda. Nduna ya maboma ang'ono ndi yanu, nduna ya zachuma ndi yanu, meya ndi wanu. Walira mvula walira matope. Ngalande ya ku Ndirande ikatsekekanso chaka chino, chala chilibe kwina koloza.

Mwina wina akuti, kodi khonsolo imatikhudza bwanji ife ogulitsa tomato? Mayi amene amadula tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, kaya wagulitsa kaya sanagulitse, ndalama yakeyo imapita kukhonsolo. Chimbudzi cha pamsika chimene timalipiranso pakhomo koma mulibe madzi, n'cha khonsolo. Galimoto yonyamula zinyalala kupita nazo ku Mzedi, imene m'mayadi imafika koma kwathu kuno timangoimva mbiri, ndi ya khonsolo. Magetsi a mumsewu, amene akazima mtsikana wochokera kuntchito ku Limbe usiku amatsika minibasi mtima uli m'mwamba, ndi a khonsolo. Malamulo onena kuti venda akhale pati, ndi anyamata amene amabwera kudzalanda dengu la nthochi n'kuliponya m'lole, zonsezo zimachokera m'chipinda chimene makhansala amakhala. Madzi, inde, ndi a Blantyre Water Board, koma mpopi wa pa kiyosiki ukauma masiku atatu, munthu woyamba amene ali ndi udindo wokagogoda kumeneko m'malo mwathu ndi khansala. Ndipo amene amadzuka 3 koloko m'mawa kukaika chigubu pamzere si bambo ayi.

Sitinaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Amene ankagona pansi m'zipatala kudikirira odwala anali ife. Sitinaiwale namondwe Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Funso loti anthu amange pati, asamange pati, ndipo amene achotsedwa m'mphepete mwa phiri apite kuti, ndi funso la khonsolo. Izi si nkhani zazing'ono zoti n'kusiyira munthu amene dzina lake sitikulidziwa.

Kunyoza mpando wa khansala sitinabadwe nako, anatiphunzitsa. Chisankho choyamba cha makhansala chipani chimodzi chitatha chinachitika mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lino linakhala zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho chapatatu cha mu Meyi 2014. Ena a ife amene tili m'zaka za m'ma 20 tinayamba sukulu, n'kufika kusekondale, tisanaonepo khansala ndi maso. M'zaka zimenezo phungu ndiye anasanduka zonse: wogula bokosi la maliro, womanga mlatho, wolipira fizi. Mu 2010 lamulo la maboma ang'ono linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'khonsolo, ndipo thumba la chitukuko cha m'dera, lija timangoti CDF, linkayendera m'manja mwawo. Khansala anatsala ngati mlendo pakhomo pake pomwe.

Apa ndiye pali nkhani imene ambiri aife yatidutsa. Mu Meyi 2025 khoti linagamula, pa mlandu umene unakhudza bungwe la makhonsolo la MALGA, kuti aphungu kuvota m'khonsolo ndi kuyendetsa CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, osati kugawa makontirakiti a milatho. Pa kampeni a Mutharika analonjezanso kuti thumbali lidzakwera kufika K5 biliyoni pa dera lililonse pachaka, kuchoka pa mamiliyoni 200 ndi kanthu. Kaya ndalama zimenezo zidzafika zonse kaya zidzafika theka, tiona. Koma taganizani: Blantyre ali ndi madera angapo a aphungu, ndipo ndalama za dera lililonse zikamadutsa m'khonsolo, mpando umene dzana unali wonyozeka usanduka nyama yonona. Kumene kwagwa nyama, mukudziwa amene amayamba kufika ndi mipeni. Tikapanda kukhala tcheru, ndalamazo zidzathera pa zinthu zooneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook, pamene chipinda chochirira amayi chilibe magetsi ndipo zimbudzi za atsikana kupulayimale zilibe zitseko.

Nanga m'chipinda mogawira ndalamamo amayi alimo angati? Pa mawodi 462 a dziko lonse, mu 2014 amayi amene anapambana anali 56. Mu 2019 anali 67. Mu 2025 mawodi anawonjezeka kufika 509, koma yang'anani chithunzi chilichonse cha makhansala akulumbira, muwerenge nokha nsalu ndi masuti. Chonsecho pa anthu 7.2 miliyoni amene analembetsa kuti avote, pafupifupi 57 pa 100 alionse anali amayi. Ovota ambiri ndife, ovoteredwa ndi ena. Zipani zasinthana mipando kangapo konse, chikasu, buluu, lalanje, tambala wakuda, buluu kachiwiri, koma nambala iyi yokha imangokwawa ngati nkhono.

Ndiye pamabwera nyimbo ija yotopetsa, yoti akazi sakondana, akazi savoterana. Eti? Mayi tingamuvotere bwanji pamene dzina lake silinafike n'komwe pa pepala? M'dera ngati lathu, kumene chipani chimodzi chili ndi mphamvu chonchi, chisankho chenicheni sichichitika tsiku lovota. Chimachitika miyezi ingapo m'mbuyo, pa chisankho chachipulula, pabwalo la sukulu, anthu ataima kumbuyo kwa amene akumufuna, aliyense akuona kuti wayima kuti. Amene amalemba mayina a nthumwi zovota ndi akuluakulu a chipani a m'dera, ambiri mwa iwo abambo. Malo ndi nthawi zimatha kusintha usiku, uthenga n'kufika kwa ena okha. Anyamata omwetsedwa kachasu amabwera kudzaimba nyimbo zotukwana, ndipo mayi akangolimba mtima n'kuima, dzina limene amapatsidwa tonse tikulidziwa, silitchulika pano. Mwamuna wopikisana naye safunsidwa kuti ana wasiyira ndani, kapena kuti banja lake linatha bwanji.

Bungwe la MEC linachita mbali yake potsitsa ndi theka ndalama imene mayi amalipira popereka mapepala ake. Tikuyamikira. Koma ndalama yolembetsera ndi kadontho chabe. Chimene chimagwetsa amayi ndi mtengo wa kampeni: nsalu, matisheti, zoyendera, chakudya cha oyang'anira mavoti, ndi ka "tisiyireni ya sopo" kamene kamadikira pakhomo lililonse. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma inu ndi ife tinaona ndi maso zimene zinkachitika m'makwalalamu. Mayi amene mpamba wake ndi wa banki m'khonde angapikisane bwanji ndi mwini malole? Ndipo tisanamizane, ena mwa amene ankatambasula dzanja kulandira K2,000 ija tinali ife tomwe. Ndalamayo inatha tsiku lomwelo pa mafuta ophikira a m'kapepala, mpando wapita zaka zisanu.

Ena akutiuza kuti tikhale chete chifukwa wachiwiri kwa pulezidenti ndi mayi, a Jane Ansah, ndipo amene anayendetsa chisankho chonse ndi mayinso, a Annabel Mtalimanja. N'zoona, ndipo mtsikana wa ku Machinjiri akamaona zimenezi pa TV pali chimene chimalowa m'mutu mwake. Lilongwe inakhalaponso ndi meya wamkazi, a Juliana Kaduya, mu 2019. Koma tinakhalapo ndi pulezidenti wamkazi kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo chisankho cha 2014 chomwecho n'chimene chinatipatsa makhansala aakazi 56 okha. Mayi mmodzi padenga sasintha nambala ya pansi. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limanena za 60 kwa 40 polemba anthu ntchito za boma, koma silifika pa mipando yovoteredwa. Mu 2017 bungwe lounika malamulo linapereka maganizo oti boma lililonse mwa maboma 28 likhale ndi mpando wa phungu wamkazi, ndipo maganizowo anafera m'kabati. Anzathu ku Uganda anasungira amayi gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya m'makhonsolo, ndipo Lesotho inachitanso chimodzimodzi pa chisankho chake cha makhansala mu 2005. Ife takhala tikuimba 50:50 chisankho chilichonse, tikudalira chifundo cha zipani. DPP tsopano ili ndi boma m'manja, ndiye ngati nthungululu za amayi a ku Blantyre zili ndi mtengo kwa iwo, abweretse lamulo limeneli ku Nyumba ya Malamulo 2030 isanafike, ayambenso ndi malamulo a chipani chawo chomwe.

Pakadali pano pali vuto lina limene osangalala sakuliona. Khonsolo imene pafupifupi onse ndi a chipani chimodzi, chomwenso chikulamula dziko, imakhala yopanda wofunsa mafunso. Khansala amaopa kudzudzula meya chifukwa ndi bwana wake kuchipani, meya amaopa kudzudzula nduna chifukwa akufuna tsogolo. Otsutsa akasowa m'chipindamo, ntchito yotsutsa imagwera ife a panja, kaya tinavotera chimanga kaya tambala.

Ndipo makomo olowera alipo, kungoti satiuza. Lamulo la maboma ang'ono limati msonkhano wa khonsolo yonse ndi wotseguka kwa anthu, munthu wamba atha kukakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Limatinso m'khonsolo mukhale anthu asanu oimira magulu apadera, monga amayi, achinyamata ndi anzathu aulumali. Savota, koma amalankhula ndipo amaona mapepala. Woimira amayi mu khonsolo ya Blantyre asankhidwe poyera, tidziwe dzina lake, ndipo akhale munthu wodziwa mtengo wa ndowa ya madzi, osati mlamu wake wa winawake. Makomiti a chitukuko a m'mawodi ndi kumene mndandanda wa zofuna za dera umayambira, ndipo nthawi zambiri mayi amaikidwamo kuti akhale msungichuma wopanda chuma kapena wopemphera potsegulira. Tikufuna mipando ya wapampando ndi mlembi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndiye gulu lililonse la banki m'khonde litha kulemba kalata yofunsa kuti msika wa Ndirande kapena wa Zingwangwa umatolera zingati pamwezi, ndipo zingati zimabwerera kudzakonza msikawo. Kalatayo muisunge kope lake, ndi tsiku limene munaipereka.

Kwa amayi ochepa amene mwapambana m'mawodi a mzinda uno: tikudziwa zimene mwadutsamo kuti mufike apo. Musalole kukankhidwira ku komiti yolandira alendo. Komiti ya zachuma ndi ya zomangamanga ndi kumene kumagawidwa nyama. Meya ndi wachiwiri wake amasankhidwanso pakatha zaka ziwiri ndi theka, ndiye yambani kuwerenga mavoti anu lero.

Mvula yayamba kale kugunda. Sabata ino, aliyense afufuze dzina ndi nambala ya khansala wa wodi yake, alembe m'munsimu wodi ndi ngalande kapena mlatho umene ukumudetsa nkhawa. Tiyamba ndi za m'mbali mwa Nasolo ndi Mudi.