Wailesi sitsogolera, imangotsatira

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo anandiimbira foni. Masiku ano ndi woimba. Anati, "Aphunzitsi, chimbale chachiwirichi ndijambula m'Chingerezi chokhachokha. Kusitudiyo andiuza kuti nyimbo ya Chichewa siidutsa pachipata cha Mwanza, ndipo mawailesi akunja sangaiike."

Ndinakhala chete kaye. Chimene chinandiwawa n'chakuti maganizo amenewa sanayambire kusitudiyo. Anayambira kwa ife, aphunzitsi anzanga, tsiku limene tinamupatsa khasu chifukwa anamveka akulankhula Chichewa pakhonde la kalasi. Ineyo ndimaphunzitsa Chingerezi, ndipo makasu amenewo ndinagawa nawo. Ndiye lero ndiloleni nditsutse bodza limene ndinathandiza kulibzala.

Tiyeni tipite ku America, kwa eni ake mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard Hot 100. Mu 1987 gulu la Los Lobos linafika pa nambala 1 ndi La Bamba, nyimbo yamakolo ya ku Veracruz m'dziko la Mexico, yoimbidwa m'Chisipanishi. Mu 1996 Macarena ya Los del Río, azibambo awiri a ku Spain, inakhala pa nambala 1 masabata 14. Mu 2017 Despacito ya Luis Fonsi ndi Daddy Yankee a ku Puerto Rico inakhalapo masabata 16, kufanana ndi mbiri imene Mariah Carey ndi Boyz II Men anaikhazikitsa ndi One Sweet Day.

Ndikudziwa zimene ena mundiyankhe. Munena kuti Macarena imene inagwedeza mawailesi ndi ija a Bayside Boys a ku Miami anaithira mawu a Chingerezi, ndipo Despacito inakwera pamwamba Justin Bieber atalowamo. N'zoona, sindikukana. Koma onani chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Despacito inatuluka mu Januwale 2017 yopanda Bieber, n'kufalikira ku Latin America, ku Spain ndi pa YouTube. Bieber anaimva ali ku Colombia, n'kupempha yekha kuti aimbe nawo. Nyimbo yojambulidwanso inatuluka mu Epulo, ndipo mmenemo iyeyo anaimbanso Chisipanishi. Kanema amene mu Ogasiti 2017 anakhala woyamba kuonedwa ka 3 biliyoni pa YouTube ndi woyambirira uja, wopanda liwu la Bieber. Anthu anali atasankha kale. Amene ankadikira dzina lodziwika kuti alimbe mtima anali mawailesi a Chingerezi. Mantha anali a woulutsa, osati a womvera.

Umboni wina ndi Bad Bunny. Mu 2020 chimbale chake El Último Tour del Mundo chinakhala choyamba cha Chisipanishi chokhachokha kufika pa nambala 1 pamndandanda wa zimbale wa Billboard 200. Mu 2022 Un Verano Sin Ti chinakhalapo masabata 13. Zaka zitatu zotsatizana, 2020 mpaka 2022, palibe woimba amene anamvedwa kwambiri pa Spotify kuposa iyeyo. Sanasinthe lilime kuti wailesi imukonde. Wailesi ndi imene inamuthamangira.

Enanso munena kuti Chisipanishi ndi chinenero chobadwira cha anthu pafupifupi 500 miliyoni, ndipo ku America kokha oposa 40 miliyoni amachilankhula pakhomo. Chichewa chilibe msika wotero. Apanso mwanena zoona, ndipo sindikulonjeza mwana wa munthu kuti mawa adzakhala pa Billboard. Koma ndifunse: ife amene tinavina Macarena m'maukwati ndi m'madisiko a kusukulu, ndani ankamva liwu ngakhale limodzi? Nanga Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle tinkawavina chifukwa tinakhoza mayeso a Chilingala? Mu 2020 anamwino ndi apolisi a ku Ulaya ankavina Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode, yoimbidwa m'Chizulu. Ndipo pakhomo pathu pomwe pano, Linny Hoo ya agogo Giddes Chalamanda inazungulira dziko lapansi pa TikTok, mwini wake ali ndi zaka zoposa 90. Inadutsa bwanji pa Mwanza?

Chimene chimawolotsa nyimbo malire ndi kaimbidwe, kajambulidwe kaukhondo, gule amene thupi limamva lokha, ndi woimba amene akukhulupirira zimene akunena. Mnyamata wathuyu akaimba Chingerezi cha galamala chimene ndinamuphunzitsa ine, adzakhala pamzere umodzi ndi oimba zikwizikwi amene anabadwa nacho, ndipo adzaima kumapeto. Akaimba m'chinenero chimene amalira nacho pamaliro ndi kufunsira nacho mbeta, ali ndi katundu amene ku London alibe.

Musandimve molakwa. Chingerezi n'chofunika, ndipo popanda kuchikhoza satifiketi ya MSCE palibe. Lolemba ndidzakhala ndili pa bolodi ndi choko changa monga mwa masiku onse. Koma kuphunzitsa mwana chinenero chachiwiri n'kwina, kumuchititsa manyazi ndi choyamba n'kwinanso. Chachiwirichi tisiye. Nanunso oulutsa mawu, ena mwa inu munadutsa m'manja mwanga: musamadikire kuti nyimbo ya mwana wakwanu itchuke kaye kunja ndiye muiike.

Mnyamata uja ndinamuimbiranso. Ndinamuuza kuti ndalama imene amafuna kulipira munthu wokonza Chingerezi chake akalipire woimba gitala wabwino ndi wosakaniza mawu waluso. Ndinapepesanso za khasu lija. Anaseka, nati, "Aphunzitsi, mundawo ndinkalima bwino koma."

Ndatha ine mphunzitsi wanu wakale.