Za m'kadi la wodwala sizokamba m'minibasi

Loweruka m'minibasi yochoka ku Mushili kupita m'tauni ya Ndola, amayi awiri kumbuyo kwanga ankakamba za mtsikana wina wa m'komboni mwathu, akuti anachotsa mimba. Dzina lake analitchula, la mayi ake analitchulanso. Wina atafunsa kuti, "Mwamva kwa ndani, amayi?" yankho linatuluka popanda manyazi: mlamu wawo amagwira ntchito pachipatala china, ndiye anaona kadi. Anthu anaseka, ine mtima unandiwawa.

Ambiri kuno amaganiza kuti kuchotsa mimba kulikonse ndi mlandu. Ayi ndithu. Zambia ili ndi lamulo la Termination of Pregnancy Act kuyambira 1972, lomwe limalola madokotala kuchotsa mimba ngati moyo kapena thanzi la mayi lili pachiswe, ngati thanzi la ana amene ali nawo kale lingasokonekere, kapena ngati mwanayo angabadwe ndi chilema chachikulu. Madokotala atatu amayenera kusaina, koma zikafika poopsa mmodzi amakwanira. Kaya inu mumagwirizana nalo lamuloli kaya mumadana nalo, mtsikana uja anapita kuchipatala, sanapite kukaulula pamsika.

Ndipo taganizani manja amene pepalalo limadutsamo: madokotala aja, namwino, kalaliki wa makadi, wolemba pakompyuta. Mmodzi yekha akamasuka pakamwa, komboni yonse yadziwa dzuwa lisanalowe. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusungidwa mwapadera, ndipo bungwe la Health Professions Council of Zambia lili ndi mphamvu zolanga dokotala woulula za wodwala. Anamwino ndi azamba nawonso ali ndi bungwe lawo lowaweruza. Koma ndani ku Mushili akudziwa kokadandaula?

Khalidweli ndi lakale. Mukukumbuka zaka zija anzathu olandira ma ARV ankaimikidwa pamzere wawowawo, aliyense wodutsa n'kumawerenga nkhope? Angati analeka mankhwala poopa maso a aneba? Mpaka lero ndimanyansidwa ndikamva wogwira ntchito akufunsa pazenera mokweza kuti, "Mwabwera ndi vuto lanji?" anthu ali mbuu kumbuyo kwako.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amayi aja ali ndi ana aakazi. Mwana amene wamva kuti kuchipatala nkhani zimatuluka sapitako. Amamwa zitsamba kapena mapilisi ogula mobisa, ndipo amakafika ku Ndola Teaching Hospital magazi atatha kale m'thupi. Tonse tikudziwa maliro amene anthu amangoti "anadwala m'mimba".

Ine ndikufuna kuona pakhoma la kiliniki iliyonse ya Ndola ndi Kitwe chikwangwani cha m'Chibemba ndi m'Chinyanja, chonena kuti kadi ndi chinsinsi, ndi nambala ya foni yoimbira wina akaulula.